Turbo yafa: mmene mungawerengere ndalama yokonzetsa musanatulutse ngakhale tambala

Aliyense amene turbo yamufera amayamba ndi funso limodzi: zingati? Inenso ndinafunsa lomwelo nditaima m'mbali mwa msewu wa M14 pa zitunda za ku Mvera, Hilux itasenza matumba a mpunga wa ku Lifuwu, kumbuyo utsi uli tolotolo ngati wina wayatsa matayala. Makaniko amene ndinamuimbira ananditchulira mtengo pa foni pomwepo, galimoto asanaione n'komwe, ine n'kuvomera. Patangotha milungu itatu ndinapisanso m'thumba, chifukwa turbo imene anaikayo inafa imfa yofanana ndi yoyamba ija.

Chigwetsereni kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kubwerezanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa sipeya sugonera. Umene mnzanu analipira nthawi yokolola si umene mukaupeze mvula ikamayamba. Chimene sichisintha ndi ndondomeko ya kawerengedwe kake, komanso malo amene ndalama zimathawira munthu osaziona. Tiyeni tiyende nayo kuyambira pamsewu pomwe vuto lakupezani.

1. Imani kaye, ndalama yoyamba imapulumukira apa

M'kati mwa turbo muli timawilo tiwiri ta mapiko tolumikizidwa ndi shafiti imodzi. Utsi wotuluka mu injini umazunguza kamodzi, ndipo kanzake kamakankhira mpweya wambiri mu injini kuti dizilo apse bwino. Injini yanu ikamazungulira ka 2,500 pa mphindi, shafiti imeneyi imatha kupitirira ka 150,000. Siigona pa chitsulo ayi, imayandama pa oyilo wopyapyala kwambiri. Oyiloyo akangodukiza kwa timasekondi tochepa, chitsulo chimakumana ndi chitsulo.

Ndiye mukamva kulira konga kwa ambulansi kumene kukukwera mukaponda mafuta, kapena galimoto yangofooka mwadzidzidzi uku ikutulutsa utsi wabuluu, patukani muzimitse. Dikirani mphindi zingapo, sololani kachitsulo koyezera oyilo muone ngati watsika. Mawu akuti "ndingofika nayo pa Kaphatenga" ndi amene amasandutsa vuto la turbo kukhala vuto la injini yonse, chifukwa phiko likathyoka tizidutswa timalowera ku mapisitoni.

Pali ngozi ina imene woyendetsa galimoto ya dizilo aliyense ayenera kuidziwiratu. Turbo ikamataya oyilo wambiri ku mbali ya mpweya, injini imatha kuyamba kudya oyilo wake womwe ngati dizilo, n'kumakuwa yokha mosaletseka. Kiyi ngakhale mumuzule, siizima. Ngati galimoto ndi ya magiya a pamanja, pondani buleki mwamphamvu, lowetsani giya yapamwamba kwambiri, n'kusiya kilachi kuti injini itsamwe. Ngati ndi ya otomatiki, njira ndi kutseka polowera mpweya ndi thabwa kapena chinthu china cholimba. Dzanja ayi, nsanza ayi, zimamezedwa. Zikakanika, tulutsani anthu mutalikire.

Pa nkhani yokoka, musathamangire kuitengera galimoto yonse ku Lilongwe. Kuchoka ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100, kuchoka ku Nkhotakota ndi kawiri kake, ndipo wokoka amawerengera ulendo wopita ndi wobwerera. Ikokereni pa garaja yapafupi kapena kunyumba. Turbo ikamasulidwa imakwana m'katoni, mumakwera nayo minibasi ngati katundu wamba.

2. Tsimikizani kuti yafadi ndi turbo

Apa khalanipo, musapupulume. Galimoto zambiri zimene eni ake amauzidwa kuti turbo yapita zimakhala kuti vuto ndi la kanthu kotchipa kapafupi nayo. Galimoto yofooka pa chitunda, yotulutsa utsi wakuda ndi kumveka fiii ngati tayala likuphwa, kawirikawiri imakhala yang'ambika paipi ya labala yochoka ku turbo kupita ku intercooler (choziziritsa mpweya usanalowe mu injini), kapena kalampu yamasuka. Kutentha kwa kunyanja kuno, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, kumaumitsa labala msanga. Mng'alu umakonda kubisala pansi pa paipi, pamene maso safika. Pitsani dzanja, finyani, muone ngati pali malo onyowa ndi oyilo wakuda.

Zina zoti makaniko aone asanagwire sipanala pa turbo ndi izi: fyuluta ya mpweya ngati yatsekeka ndi fumbi, fyuluta ya dizilo, timapaipi ting'onoting'ono ta vakyumu, valavu ya EGR (yobwezera utsi wina mu injini) ngati yamatidwa ndi mwaye, ndi masensa oyeza mpweya. Galimoto za masiku ano monga Hilux D-4D, Isuzu D-Max, Ford Ranger ndi Nissan Navara ziikidwe pa kompyuta. Khodi ya P0299 imatanthauza kuti mpweya wa turbo ukuchepa, P0234 kuti ukupitirira muyezo. Koma mvetsani bwino: khodi ikunena za mpweya, siikunena kuti turbo yafa. Paipi yong'ambika imabweretsa P0299 yomweyo. Ndalama yoikira pa kompyuta ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi turbo, musaiumire.

Kenako yesani ndi zala zanu. Injini ili chizimire ndipo itazizira, makaniko achotse paipi yolowetsa mpweya ku turbo kuti kawilo ka mapiko kaoneke. Gwirani kanati kapakati ndi zala ziwiri. Kazungulire mofewa, kosakhula. Kagwedezeni cham'mbali: kusewera pang'ono n'kwachibadwa, poti oyilo amene amadzaza mpatawo palibe injini ikazima, koma mapiko asakhudze khoma. Tsopano kokerani kwa inu n'kukankhiranso m'kati. Uku sikuyenera kusewera koti zala n'kumva. Ngati kakugogoda, kapena pa khoma pali mikwingwirima yowala pamene mapiko akhala akukanda, turbo yapitadi.

Kaoyilo kopakapaka m'paipi kasakuopseni, kamachokera ku paipi yopumira injini. Choopsa ndi oyilo wochita kudikha, woti mukapendeketsa paipi akuyenderera.

Pa injini zonga 1KD ya Toyota, turbo ili ndi timapiko tina tosuntha ku mbali ya utsi, toyendetsedwa ndi kamota ka magetsi. Galimoto yongozungulira m'tauni, pa Kamuzu Road kupita kumsika n'kubwerera, mwaye umatimata timapikoti n'kuuma gwa. Zizindikiro zake n'zofanana ndi za turbo yakufa, galimoto imafooka n'kuyatsa nyale ya injini, koma mankhwala ake ndi kumasula n'kutsuka basi. Mulipira ntchito ndi magasiketi, sipeya yaikulu osagula.

3. Pezani chimene chaipha

Ili ndi gawo limene ine ndinalumpha, n'kulilipira kawiri. Turbo yachiwiri itafa ndinapita kwa makaniko wina wachikulire, wosalankhulalankhula. Anaitsegula pa tebulo, n'kundionetsa shafiti itasanduka yabuluu ngati mpeni umene waiwalika pamoto.

"Achimwene, turbo siifa yokha, imachita kuphedwa," anatero. "Anakuikirani uja paipi ya oyilo anaisintha?"

"Ayi madala, anati ili bwinobwino."

Sanayankhe. Anamasula kapaipi kachitsulo kobweretsa oyilo ku turbo n'kundipatsa kuti ndiuzire. Ndinauzira mpaka masaya kuwawa, mpweya unkangotuluka ngati wa kamwana. M'kati munali mutamatidwa makala. Atatsitsa sampu (beseni la pansi pa injini mokhala oyilo), kasefa kamene pampu imayamwira oyilo kanali katakutidwa ndi phala lakuda longa phula la pamsewu. Gwero lake linali mawashala a pansi pa mainjekita (zopopera dizilo mu injini) amene anatha, utsi n'kumadutsa kukaipitsa oyilo. Ili ndi vuto lodziwika pa injini ya 1KD. Ndikanagula turbo yachitatu, yachinayi, zonse zikanafera pomwepo, ndipo injini inali m'njira kutsatira.

Turbo yakufa imanena yokha chimene chaipha, bola muitsegule muiwerenge. Shafiti yabuluu ndiye kuti oyilo sankafika. Shafiti ndi mabushi okandikakandika ndiye kuti oyilo anali wakuda, wa timichenga, wokhalitsa kapena wachinyengo. Mapiko a mbali ya mpweya odyeka nsonga ngati apalidwa ndi sandipepa ndiye fumbi, ndipo mufufuze pamene likulowera: fyuluta yobooka, bokosi lake losatsekeka bwino, kapena paipi yong'ambika pakati pa fyuluta ndi turbo. Amene mumayenda misewu yafumbi ya ku Khombedza, ku Thavite kapena yolowera kumadoko mukagula usipa, ili ndiye lanu. Mapiko opindika kapena obenthuka ndiye kuti munalowa chinthu, kanati, kamwala, nthawi zina nsanza imene wina anaiwala pa sevisi. Akakhala obenthuka a mbali ya utsi, kanthuko kachokera mu injini momwe, ndipo nkhani yakula. Makala ouma ku mbali ya utsi amaloza chizolowezi chozimitsa injini ikadali yotentha kwambiri.

Palinso turbo yotaya oyilo koma shafiti ili nganganga, yosasewera. Imeneyo nthawi zambiri siinalakwe. Mwina paipi yobwezera oyilo ku sampu yatsekeka kapena yapindika, mwina injini yatha maring'i a mapisitoni ndipo mpweya wochuluka m'sampu ukukankha oyilo kuti asatsike. Tsegulani chotsekera pothirira oyilo injini ikulira. Ngati pakufuka utsi ngati pa mbaula, turbo yatsopano idzatayanso oyilo tsiku lomwelo.

Musalole kuti kugula kuyambe makaniko asanakuuzeni, mwa mawu omveka, kuti chapha turbo ndi chakuti. Akati "zimangofa izi bwana, yakalamba", pitani kwa wina akaionenso. Safunsa anadya phula.

4. Lembani nambala

Pa thupi la turbo pamakhala kachitsulo kapena malo osindikizidwa nambala. Pukutani, jambulani ndi foni. Za Toyota zimayamba ndi 17201. Zina zimalembedwa dzina la wopanga, monga Garrett, IHI, BorgWarner, Mitsubishi kapena Holset. Jambulaninso nambala ya chasisi ndi ya injini. Kungonena kuti "ya Hilux" sikukwana, poti 2KD, 1KD ndi 1GD zonse ndi Hilux koma turbo zake n'zosiyana, ndipo galimoto yochokera ku Japan imatha kusiyana ndi inzake yochokera ku South Africa ngakhale chaka chili chimodzi. Sipeya yolakwika ogulitsa ambiri salandiranso ikangomangidwapo.

5. Sankhani njira mwa zinayi

Yotchipitsitsa ndi kiti yokonzera, kaphukusi ka mabushi, timaring'i ndi mawashala. Imakopa chifukwa cha mtengo, koma ine sindiilimbikitsa pokhapokha wokonzayo ali ndi makina oyezera balansi ya turbo. Pa liwiro lija, kulemera kwa mbali imodzi kochepa ngati kanjere ka mchenga kumagwedeza shafiti mpaka kudya mabushi atsopanowo. Munthu amene akumanga turbo pansi pa mtengo wa mango n'kumati "ndaika chizindikiro pa nati, ibwerera momwe inalili" akuchita mwayi ndi ndalama zanu. Funsani funso limodzi: balansi mumayezera pati? Aloze makinawo.

Yachiwiri ndi katiriji, chimene ogulitsa amalemba kuti CHRA. Ndi mtima wonse wa turbo, shafiti, timawilo tonse tiwiri ndi mabushi, womangidwa kale ndi kuyezedwa balansi ku fakitale. Mumangochotsa wakale n'kulowetsa watsopano m'zikhokho zomwezo za turbo yanu yakale. Kwa anthu ambiri njira yanzeru ndi imeneyi, chifukwa mtengo wake umatsika kwambiri poyerekeza ndi turbo yathunthu, pomwe zonse zimene zimatha mwazisintha. Koma imagwira ntchito ngati zikhokho zili zamoyo. Yang'anani chachitsulo cha mbali ya utsi ngati chili ndi ming'alu, ndi cha mbali ya mpweya ngati mapiko anachikumba. Timapiko tosuntha tija titsukidwe, tiyende mofewa. Makatiriji nawo ali ndi magulu, ena abwino, ena ongofanizira. Wopanda dzina la wopanga, wopanda pepala lililonse m'bokosi, muganize kawiri.

Yachitatu ndi ya kaunjika, yochotsedwa pa injini zobwera kuchokera kunja kapena pa galimoto yangozi. Imeneyi ndi imene ndinagula ine. Inali yotsukidwa bwino, yowala, yopoperedwa penti wa siliva, chikomekome cha mkuyu. Kunena zoona, ya kaunjika yabwino iliko, ndipo turbo yeniyeni ya kampani imene yayenda pang'ono imaposa yatsopano yongofanizira. Vuto n'lakuti mbiri yake simuidziwa. Mukasankha njira iyi, pitani ndi makaniko wanu ku Biwi kapena kulikonse kumene mwaipeza, muyese shafiti monga tafotokozera, muunike ndi tochi mbali zonse ziwiri, ndipo mugwirizane masiku obwezera ikapezeka yolakwika. Masikuwo alembedwe pa lisiti, ayambe kuwerengedwa tsiku loimanga. Penti watsopano pa sipeya yakale ndi chifukwa choyang'anitsitsa, osati chosangalalira.

Yachinayi ndi yatsopano yathunthu, ndipo ili pawiri. Yeniyeni, ya kampani ya galimoto kapena ya wopanga turbo, ndiyo yodula kuposa zonse. Yongofanizira imatchipa mpaka kudabwitsa. Pa turbo yosavuta, yopanda kamota ka magetsi, imene amati ya wastegate, monga ya pa injini zakale za 1KZ kapena malole ang'onoang'ono, yongofanizira yabwino imatha kutumikira. Pa turbo ya kamota ka magetsi m'pamene zimavuta, chifukwa kamotako kakapanda kumvana ndi kompyuta ya galimoto, nyale ya injini siizima ndipo mphamvu sizibwerera. Ngati kamota kanu kakale kali bwino, kasungeni.

Posankha, dzifunseni kuti galimotoyi muli nayo mpaka liti komanso imagwira ntchito yanji. Yonyamula nsomba usiku kuchoka ku Chia kapena ku Senga Bay, yoti ikafera panjira katundu yense awola, siyofunika kuiyesera mwayi. Yongopitira kutchalitchi ndi kumunda ikhoza kupirira njira yotchipa.

6. Werengani zonse, osati turbo yokha

Mtengo umene mumauzidwa pa foni umakhala wa chitsulo chokha. Tengani pepala mulembe mizere iyi, uliwonse ndi mtengo wake:

- turbo kapena katiriji
- paipi yobweretsa oyilo, mabawuti ake obooka ndi mawashala a kopa atsopano
- magasiketi a ku ekizozi ndi a paipi yobwezera oyilo
- oyilo wa injini yonse ndi fyuluta yake, kawiri, chifukwa mudzasinthanso posachedwa
- fyuluta ya mpweya
- kutsuka intercooler ndi mapaipi ake
- kukonza chimene chinapha turbo
- ntchito ya makaniko, kuphatikizapo kompyuta
- kukoka galimoto, ndi maulendo anu okasaka sipeya

Mzere wa chimene chinapha turbo ndi umene umasiyanitsa ngongole ya munthu ndi ya mnzake. Kwa wina ndi kalampu ndi fyuluta. Kwa ine unali kutsitsa sampu, kutsuka kasefa, kuzula mainjekita anayi ndi kugula mawashala ake. Kwa amene injini yatha maring'i, mzerewu umaposa turbo imene, ndipo ndi bwino kudziwiratu musanagule kalikonse, kuti muganize ngati si kwabwino kungosakasaka injini ina.

Pa ntchito ya makaniko, kumasula ndi kumanga turbo pa pikiapu ndi ntchito ya maola angapo, tsiku limodzi likwana ngati mabawuti a ku ekizozi sanadyedwe ndi dzimbiri. Akathyokera m'kati, ntchito imatalika ndipo mtengo umakwera. Kambiranani zimenezi poyamba, kuti likathyoka bawuti mudzalipira bwanji. Gwirizanani mtengo wa ntchito yonse, osati wa pa tsiku.

Funsani mitengo malo atatu, pa WhatsApp, mutatumiza chithunzi cha nambala ija. Aliyense anene dzina la wopanga, ngati ndi yatsopano kapena yakale, masiku a chitsimikizo, ndi kuti mtengowo ugwira mpaka liti. Akakuuzani kuti aitanitsa ku Johannesburg, ku Dubai kapena ku Dar es Salaam, funsani ngati mtengowo waphatikiza kale kunyamula ndi msonkho wa MRA, kapena mudzauzidwa zina katundu atafika pa chipata. Funsaninso kuti ndalama yakunja akuiwerengera pa mtengo uti, poti apa m'pamene mitengo ya ogulitsa awiri imasiyanirana kutali. Musatumize ndalama yonse pa Airtel Money kapena pa Mpamba kwa munthu amene mwangomuona pa Facebook. Perekani kachigawo, yotsalayo mukaigwira sipeya m'manja ndipo nambala zagwirizana.

Pali mzere wina umene sulembedwa pa kotesheni: masiku amene galimoto yaima. Tiyerekeze kuti pikiapu yanu imakusiyirani K60,000 pa tsiku mutachotsa mafuta. Sipeya yoitanitsa kunja imene mudikire masiku 14 yakudyerani K840,000 isanafike n'komwe. Ikani nambala yanu yeniyeni m'malo mwa yangayi, muphatikize pa mtengo wa njira iliyonse. Nthawi zina yodula imene ili pa shelefu ku Lilongwe lero ndiyo yotchipa.

7. Tsiku lomanga, khalani pomwepo

Si kukayikira makaniko ayi. Chitsimikizo cha turbo chimafa ngati yamangidwa molakwika, ndipo wolipira ndinu. Pitani ndi botolo la madzi, mukhale pa benchi.

Oyilo wakale akhetsedwe, fyuluta isinthidwe turbo yatsopano isanalire ngakhale kamodzi. Thirani oyilo wa dizilo wa mlingo umene buku la galimoto likunena, wa m'chigubu chomata, wogula pamalo odalirika. Wa m'mabotolo a pamsewu musayerekeze.

Paipi yobweretsa oyilo ikhale yatsopano. Kutsuka ndi petulo sikuchotsa makala onse a m'makona, ndipo kachidutswa kotsalira kamadzasomphoka n'kukatseka kabowo ka mu turbo. Yobwezera oyilo iunikidwe kuti ndi yotseguka ndipo sinapindike.

Silikoni asayandikire mabowo a oyilo. Amakaniko athu amamukonda kwambiri, koma akafinyika amalowa m'kati n'kutseka njira. Pamenepo pamafuna gasiketi youma basi.

Intercooler itsitsidwe, ikhuthulidwe, itsukidwe n'kuumitsidwa. Mudzadabwa oyilo amene atulukemo. Akasiyidwa, ndi yemwe uja amapangitsa injini kukuwa yokha, ndipo ngati mapiko akale anabenthuka, tizidutswa take tili momwemo kudikira. Ngati tizitsulo tachuluka moti sitikutha kutuluka, intercooler isinthidwe. Bokosi la fyuluta ya mpweya ndi paipi yake zipukutidwe, ndipo muwerenge nsanza ndi manati kuti palibe chatsalira m'kati.

Asanamange paipi ya oyilo pamwamba pa turbo, athire oyilo watsopano pa bowolo uku akuzunguza kawilo ndi chala. Kenako injini ipukusidwe ndi sitata kwa timasekondi pang'ono, kangapo, italetsedwa kulira, mpaka nyale ya oyilo izime. Ikalira, isiyeni ilire yokha mphindi zisanu kapena khumi, wina asaponde mafuta. Pali chizolowezi choti ntchito ikatha makaniko amaikuwitsa injini kuti bwana amve mphamvu. Mukanizeni. Nthawi imeneyi ndi yoyang'ana ngati pakudontha oyilo kapena pakutuluka utsi pa magasiketi.

Ngati turbo ndi ya kamota ka magetsi, kompyuta ibwerenso, makhodi akale afufutidwe, ndipo aone ngati mpweya umene turbo ikupereka ukugwirizana ndi umene injini ikupempha. Kayeseni limodzi pamsewu, pofunika pakhale kachitunda. Utsi wabuluu pang'ono pa makilomita oyamba usakudetseni nkhawa, ndi oyilo wakale amene anatsalira mu ekizozi akupsa. Uyenera kumachepa. Ukamachuluka, bwererani.

Musanachoke, tengani lisiti lolembedwa nambala ya turbo, tsiku ndi makilomita a galimoto. Turbo yakale ndi yanu, itengeni, pokhapokha mutagwirizana kuti akuchotserani mtengo posinthana nayo. Zikhokho zake ndi kamota kake ndi ndalama.

8. Milungu yoyamba

Sinthaninso oyilo ndi fyuluta mukayenda makilomita pafupifupi 1,000, makamaka ngati chinapha turbo chinali oyilo wakuda. Yezani oyilo m'mawa uliwonse kwa milungu iwiri. M'mawa mukaliza injini, ipatseni kamphindi musananyamuke, ndipo musaikakamize isanatenthe.

Kuchoka ku Salima kukafika ku Lilongwe mumakwera mamita opitirira 500, ambiri mwa iwo pa zitunda zomwe zija, ndipo ndi katundu kumbuyo turbo imagwira ntchito yoopsa. Mukaima pa Chezi kugula tomato mutangomaliza chitunda, musazimitse nthawi yomweyo. Isiyeni ilire mphindi imodzi kapena ziwiri kuti oyilo azizungulirabe uku chitsulo chikuzizira. Mukazimitsa ili moto, oyilo wotsalira pa shafiti amapserera n'kusanduka makala aja ndinalephera kuuzira. Fyuluta ya mpweya muziiyang'ana pafupipafupi m'chilimwe kusiyana ndi mmene buku likunenera, ndipo poipopa ndi mpweya wa kompuresa samalani, pepala lake limabooka osaoneka.

Ndalama zikapanda kukwana, wina adzakuuzani kuti angoitseka turbo, atseke paipi ya oyilo, muziyenda choncho. Pa injini ya D-4D kapena inzake iliyonse yoyendera kompyuta, zimenezo zimakupatsani galimoto yofuka utsi wakuda, yomwa dizilo ngati lole, yolephera chitunda cha ku Mvera ngakhale ilibe katundu. Ndi bwino iime. Imikani pamthunzi, chotsani waya wa batire, ndipo mabowo onse amene turbo yasiya, wa mpweya, wa ekizozi ndi wa oyilo, muwatseke ndi pulasitiki n'kumanga ndi labala, chifukwa mavu omanga ndi dothi sachedwa kupeza nyumba.